Malipiro a Achemwali

Asima anapereka ndalamazo ndi manja awiri, uku chapa, minibasi ya ku Cuamba, ikuitanira anthu kumsewu.

"Achemwali, boma layamba kutithandiza ife a ana aang'ono, kuti tiziwapatsako otilerera. Izi ndi zanu."

A Halima, akulu ake, anali atabereka kale kumbuyo Faizali, mwana wa Asima, monga ankachitira m'mawa uliwonse Asima akamapita kukagulitsa nsomba zouma. Ndalamazo sanaziyang'ane n'komwe.

"Muja ndinkakubereka iwe, mayi ali kumunda, unkandilipira zingati?"

"Si choncho, achemwali. Sopo wakwera mtengo, ndiye ndimati..."

A Halima anawerama, namasula pachifuwa mfundo ya kapulana, nsalu yoberekera mwana. Anatsitsa mwanayo ali m'tulo, dovu lili patsaya, namuika m'manja mwa Asima, pamwamba pa ndalama zomwezo.

"Ine ndimalera mwana wanga. Ngati uyu ndi wa boma, kamufunire wantchito."

Analowa m'nyumba natseka chitseko.

Chapa inanyamuka. Asima anatsala chilili pabwalo, dengu la nsomba lili pamapazi. Faizali anadzidzimuka, nayang'ana mayi ake pang'ono, kenaka anayamba kulirira kuchitseko kuja.