Madzi Ofiira pa Bedi la Mpiru

Rute anali kuyanika zovala pampanda pamene anaona Gerevazio, mwamuna wa mnzake Jesinta, akutuluka m'nyumba ndi beseni. Anapita nalo kuseri, pa bedi la mpiru, n'kuyamba kuthirira pang'onopang'ono. Madziwo anali ofiira.

Kuthirira ndi madzi ogwira kale ntchito sikunali kwachilendo kwa Gerevazio. Chiumireni mjigo wa m'mudzimo, madzi ankachokera kudambo, ulendo wa ola lathunthu wokwera mtunda wa Chongoni, ndipo mkamwini ameneyu ankawasunga ngati mafuta ophikira. Otsukira mbale ankapita ku mpiru, osamba ku nthochi. Anthu ankamunena kuti ngakhale thukuta lake amalifinyira m'botolo. Koma Lachinayi, pamene ndowa ya Jesinta inakhuthukira pakhomo, panalibe woseka. Mudzi wonse unamva mwamunayo akukuwa, kenako chitseko chikutsekedwa.

Chiyambire tsikulo Jesinta sanaonekenso. Kudambo ayi, ku Misa dzulo ayi.

Rute anagwidwa ndi mantha. Anasiya zovala n'kuthamangira kwa Anselmo, mchimwene wake wa Jesinta, yemwe mtima wake suchedwa kupsa. Posakhalitsa bwalo linadzaza. Anselmo anafika ndi mpini wa khasu, nakumba ndi chala pansi pa mpiru, n'kununkhiza dothilo.

“Awa ndi magazi, alamu. Mlongo wanga ali kuti?”

Gerevazio anaima pachitseko, manja atatambasula.

“Akugona. Musalowe, chonde.”

“Akugona masiku anayi? Magaziwa ndi a ndani?”

Gerevazio anayang'ana khamulo, amayi, amuna, ngakhale ana a sukulu, n'kuweramitsa mutu. Kwa anthu okwiya, kuweramitsa mutu n'kuvomera.

Mpini woyamba unatera paphewa. Wachiwiri anautchinga ndi dzanja, ndipo fupa linamveka kuthyoka mpaka kumpanda. Wina anaponya njerwa, n'kumung'amba pachipumi. Atagwa anamupondaponda, ena omwe dzana lomweli ankadzapempha mpiru wake. Mayi wina anatola beseni lija n'kumukhuthulira otsalawo kumaso.

“Imwa, si umawakonda madzi!”

Chomvetsa chisoni n'chakuti munthuyo sanayese n'komwe kuthawa. Anakwawira kuchitseko n'kugwira chogwirira ndi dzanja lotsalalo. Anselmo analimenya kawiri, zala zinasiya.

Anali atakweza mwendo kuti aswe chitsekocho pamene chinatseguka chokha. Jesinta anatuluka atatsamira khoma, nkhope ili mbuu, chitenje atachigwira pamimba. Anagwada movutikira pambali pa mwamuna wake, n'kuyang'ana mlongo wakeyo.

“Achimwene, ndinapita padera tsiku ndinagwa ndi ndowa lija. Kachitatu tsopano, n'chifukwa chake ndinawalumbiritsa kuti asauze munthu. Manja mwathyolawa ndi amene akhala akundichapira nsalu zanga.”