Mphindi Zisanu za a Shuford

"Ndiye kanthu aka kanakutengerani zaka sikisi, bambo Shuford?"

Mayi Pruitt, loya wa kampani yozengedwa mlandu, ananyamula m'mwamba kacholumikizira ka zingwe zagalasi zodutsamo intaneti. Kampaniyo inakopera kacholumikizirako, kamene a Shuford anatulukira, ndipo pofuna kupulumuka inkati luso lake n'losavuta, mmisiri aliyense akanalitulukira, choncho chikalata chaumwini cha a Shuford chithetsedwe.

"Zaka sikisi, usana ndi usiku," anayankha a Shuford, ndendende mmene loya wawo, a Abernethy, anawaphunzitsira.

"Pepani kwambiri," anatero mayiyo mwachisoni. "M'tauni yonse ya Hickory amati ndinu katswiri. Koma kangowe kochepa chonchi, zaka sikisi? Kapena ndi ukalamba?"

Makutu a a Shuford anafiira. A Abernethy anatsokomola kawiri, koma mkuluyo sanacheuke n'komwe.

"Ukalamba wa ndani? Mayi inu, kanthuka ndinakaganiza m'mphindi zisanu! Ndinkamangirira galu wanga, ndinangoona mmene kangowe ka pachingwe chake kamatsekera, basi. Ngakhale chitsiru chikanaona!"

Zala za mlembi wa khoti zinkathamanga pamakina.

"Zikomo, bwana jaji. Ndilibenso funso," anatero mayi Pruitt.

A Shuford anabwerera pamalo pawo akuyenda monyang'wa.

"Mwaona mmene ndamukhaulitsira?" ananong'ona.

A Abernethy anali atayamba kale kulongedza mapepala m'chikwama.

"Ndaona, bwana. Kuluza mlanduwu nakonso kwangokutengerani mphindi zisanu."