Mwana Wosalira

"Uyu ndiye salira," bambo anauza namwino monyadira. "Tinamuphunzitsa. Akangoyamba, timamutsekera kuchipinda."

Mwanayo, wa zaka ziwiri, anabayidwa jekeseni koma sanacheukire mayi ake. Chibadwire anali asanatchulepo ngakhale "amama".

"Mwagwiradi ntchito," anatero namwino. "Mwana akamalira osayankhidwa, ubongo wake umaphunzira kuti palibe wobwera. Ndi kulankhula komwe kumachedwa."

"Zam'mabuku zimenezo, mayi. Ine ndinkatsekeredwa tsiku lonse, nanga ndili ndi vuto lanji?"

Panja wina anamenyetsa chitseko. Bambo wopanda vutoyo ananjanja n'kubisa mutu m'manja.

Mkazi wake anamutolera chipewa chake chomwe chinagwera pansi. "Musadabwe, anesi. Kunyumba zitseko timatseka pang'onopang'ono."