Lowetsani Ulusiwu, Bambo

Zakeyo anaika babu la LED lija m'soketi ya m'sitolo yake ku Mbamba Bay, ndipo linayaka.

"Mwaona, mama? Silinafe. Pabokosi analemba zaka khumi."

Anjelina, telala wa ku Liuli, sanatsutse. Babulo analigula miyezi inayi yapitayo, koma tsopano m'shopu mwake linkawala ngati koloboyi. M'chikwama mwake munali diresi laukwati limene mwiniwake analibweza chifukwa cha msoko wokhota.

Anatseka chitseko ndi zenera kuti dzuwa lisalowe, kenako anaika singano ndi ulusi pakauntala.

"Lowetsani ulusiwu, bambo. Ukalowa, ndipita."

Zakeyo ananyambita ulusi, n'kutsinzina diso limodzi, koma anaphonya. Anayesanso katatu.

Anjelina anakoka mpando, nakhala motsamira chitseko.

"Musafulumire," anatero. "Tili ndi zaka khumi."