Vitalis Anakaniza Madzi a Dipi

Panali munthu wina cha ku Palabana, m'boma la Chongwe, dzina lake Vitalis. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti zinachitikadi. Vitalis anali ndi ng'ombe zamkaka zisanu ndi zinayi, ndipo m'mudzi monse ndi iye yekha amene anali ndi mjigo wa sola pakhomo. Anazolowera kuti pamsonkhano uliwonse mawu omaliza azikhala ake.

Chaka cha chilala, dipi losambitsiramo ng'ombe za m'mudzimo linachita ming'alu. Alimi atakumana kuti alikonze, anasankha Gilbert kuti atsogolere ntchitoyo. Gilbert anali mlongo wake wa Rosemary, mkazi wa Vitalis, ndipo anali ndi ng'ombe ziwiri zokha. Anagwira ntchito ndi mtima wonse. Anthu anatuta mchenga, anamata ming'alu, anakhoma denga. Lamlungu lina Misa itatha, akatekisiti anamutchula dzina pomuthokoza, tchalitchi chonse n'kuwomba m'manja. Manja a Vitalis anali m'thumba.

"Munthu wa ng'ombe ziwiri akhale tcheyamani ine nilipo?" ananena choncho njira yonse yobwerera kunyumba.

Patapita masiku atatu, Gilbert anafika panjinga.

"Alamu, dipi latha kukonzedwa, mankhwala tili nawo. Chatsala ni madzi chabe, dambo lauma. Tipatseniko pa mjigo wanu tidzaze mvula isanayambe."

"Pampu inawonongeka," anayankha Vitalis osamuyang'ana n'komwe.

Gilbert anathokoza, n'kubwerera. Rosemary anatuluka m'nyumba atagwira m'chiuno.

"Atate ake Kondwa, mwanamiranji? Si m'mawa womwe uno mwathirira matimati?"

"Madzi anga, kutchuka kwake? Nimupatse kuti akamuwomberenso m'manja?"

"Nkhupakupa sizifunsa kuti ng'ombe iyi ni ya ndani. Zonse zimadya busa limodzi."

Vitalis sanamve. Anakwera minibasi kupita ku Lusaka, anakagula kapampu koberekera kumsana, n'kumapopera ng'ombe zake zokha m'khola.

Mvula inagwa, msipu unaphuka, nkhupakupa zinachuluka. Anthu anayamba kukinga madzi a mvula m'madiramu kuti adzaze dipi, koma pofika tsiku limene linadzaza, matenda a denkete, obwera ndi nkhupakupa, anali atalowa kale m'mudzi. Yoyamba kufa inali ng'ombe ya mayi Dyness, amasiye a ana anayi. Inali imodzi yokhayo, ndipo mkaka wake ndi umene unkadyetsa banjalo. Vitalis anadutsa pakhomopo, anawaona atakhala pansi pambali pa ng'ombeyo akulira, koma sanapatuke. Atamva anthu ena akudandaula kuti Gilbert wachedwetsa dipi, mtima wake unazizira ngati wamwa madzi a mumtsuko.

"Si uja munamusankha?" ankatero akumwetulira.

Sabata isanathe, ng'ombe yake yokama kwambiri inasiya kudya. Kapampu kaja sikankafika m'makutu ndi kunsi kwa mchira, kumene nkhupakupa zimabisala. Ng'ombeyo inatupa m'khosi, inayamba kutuluka thovu m'mphuno, tsiku lachitatu inagwa. Inatsatira ina, kenako ina. Pamasabata awiri, zisanu ndi imodzi zinapita. Vitalis analeka kutuluka pakhomo. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana khola.

M'mawa wina anamva njinga yamoto. Anali Gilbert, atabwera ndi dokotala wa ziweto, ndipo m'mbuyo mwawo munali amuna asanu atanyamula makasu oti akumbire maenje ng'ombe zakufazo. Dokotala anabaya zitatu zotsalazo jakisoni. Gilbert ndi amene ankazigwira nyanga.

"Nanga zako ziwiri zija?" anafunsa Vitalis.

"Zinafa Lachiwiri."

"Ndiye wabwereranji kuno?"

"Alamu, izi zikafa, m'mudzi muno simutsala ng'ombe yamkaka ya mtundu wabwino. Tidzayambira pati? Ana azimwa chani?"

Vitalis anakhala pansi pa ndowe zomwezo.

"Pampu sinawonongeke. Ninanama. Sininafune kuti anthu akutame."

"Ninadziwa tsiku lomwelo," anatero Gilbert. "Nyamukani, gwirani chingwe ichi, iyi ikufuna kugwa."

Ng'ombe zitatuzo zinachira. Lamlungu lotsatira Vitalis anapempha mpata m'tchalitchi, anaimirira, n'kuulula zonse pamaso pa anthu. Ena anang'ung'udza, ena anatuluka panja. Anagula mapaipi n'kukoka madzi kuchokera pakhomo pake mpaka kudipi, ndipo tsiku lililonse losambitsa ng'ombe ndi iye amene ankayamba kufika.

Imodzi mwa zitatuzo inali ndi bere, ndipo inabereka kathadzi. Katasiya kuyamwa, Vitalis anakamanga chingwe n'kukakokera yekha kwa mayi Dyness. Anavula chipewa, anagwada pabwalo.

"Amayi, nikhululukireni. Ng'ombe yanu ninaipha ndine."

Mayi Dyness anakayang'ana kang'ombeko nthawi yaitali, kenako analandira chingwe.

"Nalandira, ba Vitalis, Mulungu akudalitseni. Koma chaka chathunthu ana anga sanalawe mkaka, ndipo wamkulu anasiya sukulu n'kupita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Silverest, kufupi ndi Lusaka. Chaka chimenecho simungachibweretse pachingwe."

Vitalis anabwerera kwawo chipewa chili m'manja.

Phunziro: Nsanje imakuuza kuti ukukhaulitsa munthu mmodzi, pamene ukupweteka mudzi wonse, ndi iwe wemwe momwemo. Ngati uli ndi chinthu chimene anthu akuchisowa, chipereke lero, osayamba wafunsa kuti atamandidwa ndani. Kupepesa n'kwabwino, koma zina zikawonongeka sizibwerera. Tumizani nkhaniyi ku magulu anu a mpingo, a alimi ndi a pabanja, mwina wina atsegula mpopi wake nthawi isanathe.