Pulasitala Pakamera ya Azakhali

Kutangoda, mphunzitsi wina anapita kwa azakhali ake kukawaikira pulogalamu yatsopano yoyendetsera kompyuta. Anapeza kamera ya kompyutayo itamatidwa ndi pulasitala.

"Usamatule, mwanawe," anatero azakhaliwo ataima pakhomo la chipinda.

"Umbuli womwewu, azakhali! Ndani angafune kukusuzumirani inuyo?" Anamatula uku akutsonya, iwo n'kuchokapo.

Pulogalamu italowa, inapempha nkhope yotsegulira kompyutayo. Iye anakhala mowongoka, koma panabwera mawu akuti pakhale munthu mmodzi yekha. Atacheuka, kumbuyo kunali khoma basi.

"Chiphakasa chachabechabe ichi," anatero, n'kupukuta kamera ndi malaya.

Kenaka kompyuta inavomera, n'kuthokoza. Koma kabokosi kobiriwira kosonyeza nkhope sikanali pa iye. Kanali pamwamba pa phewa lake lamanzere, ndipo kankatsika pang'onopang'ono.