Bajeti ya Mvuu ndi Mtedza wa Othamanga

Padangokhala, nthawi ija nyama zitangophunzira kuvala mataye. Pa yunivesite ya m'nkhalango, nthambi ya zamasewera inalandira matumba khumi ndi awiri a mtedza oti ayendetsere chaka chonse. Gwape, mphunzitsi wa othamanga, anapempha awiri okha, olipirira lole yopita kumpikisano ku Dambo Lalitali.

"Achimwene, chuma cha sukulu sichituluka ngati tomato pamsika," anatero Mvuu, mkulu wa nthambiyo. "Tiyambe takhala pansi, tikonze bajeti."

Pansi pakepo panali kuhotela ya kumathithi. Anapita akuluakulu anayi a nthambiyo, Mvuu, Ng'ona, Nguluwe ndi Nyani, ndipo aliyense ankalandira thumba limodzi patsiku, ati alawansi. Gwape ankadikira pakhonde, akungomva kukukuta m'katimo.

Tsiku lachitatu Mvuu anatuluka akutokosa m'mano.

"Mwayi wanu, aphunzitsi! Matumba anu awiri tavomereza, ndi chidindo chomwe tadinda."

"Zikomo, bwana. Nanga mtedzawo ndikatenge kuti?"

"Aaa, inunso! Kuvomereza tavomereza, koma mtedza watha. Kodi si inu othamanga? Lole n'njachiyaninso?"

Gwape ndi ophunzira ake anauyamba wapansi, masiku awiri, nafika wezulo ikulira, malilime ali panja. Tsiku limenelo ngakhale Bilimankhwe anawapitirira.

Mvuu atamva anapukusa mutu. "Mwaonatu, anzanga? Chikhala tinawapatsa mtedza uja oluza amenewa, bwenzi titawononga chuma cha sukulu."

Kanthano kathera pamenepa. Enafe tinangotola makoko.